KANSA IKAKANA KUCIRA, ULULU WAKE SUKANA MANKHWALA

PALI mau amene abale a odwala kansa amawamva molakwa pa tsiku lotuluka m'cipatala. Dotolo akanena kuti matenda afika patali ndipo opaleshoni siingathandizenso, iwo amamva ngati wanena kuti palibenso cocita. Amalongedza mbale, mapoto ndi mabulangete, nakweza wodwala wao pa motoka kapena pa ngolo kubwerera kumudzi. Pakapita masabata awiri kapena atatu, nyumba zoyandikana zimayamba kumva kubuula usiku. Mwana wamkazi amene asamalira amai ake amaleka kupita kumunda ngakhale ndi nthawi yopalira, mbuzi zimagulitsidwa kulipira asing'anga, ndipo ana a panyumba amatumizidwa kukagona kwa ambuya ao kuti asamve kulira.

Zotere zimacitika m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi monga zicitikira kwina konse m'dziko muno. Koma siziyenera kutero. Kuciritsa kansa ndi nchito ina, kuletsa ululu wake ndi nchito inanso, ndipo yaciwiriyi imatheka mwa odwala ambiri ngakhale yoyambayo italephereka. Mankhwala ake akulu ndi akale ndithu ndiponso si odula.

Kansa imene ivuta kwambiri azimai m'Zambia ndi ya khomo la cibaliro. Zina zimene zioneka kawirikawiri m'zipatala ndi ya mawere, ya prostate mwa azibambo acikulire, ya kummero, ndi ya pakhungu yochedwa Kaposi imene imayendera limodzi ndi kacilombo ka HIV. Kupima azimai khomo la cibaliro kunayamba m'caka ca 2006, katemera wa HPV wa atsikana anafalikira dziko lonse m'caka ca 2019, ndipo Cancer Diseases Hospital ku Lusaka inatsegulidwa m'caka ca 2007. Zonsezi ndi zabwino. Komabe kucokera ku Katete kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East, ndipo ambiri amafika kucipatala mocedwa, matenda atamwerekera kale. Motero wodwala amene apezeka ndi kansa ku St Francis' Hospital, cipatala ca mishoni cimene cinayamba m'caka ca 1948, kapena ku Nyanje m'boma la Sinda, kapena ku Chipata Central Hospital, masiku ake ambiri a matenda adzakhala kunyumba, pamphasa, m'manja mwa abale. Ndiye cifukwa cake abalewo ayenera kuwadziwa mankhwala awa.

Makwerero atatu

M'caka ca 1986 bungwe la World Health Organization linatulutsa njira yosavuta yothandizira ululu wa kansa, imene anaiyerekeza ndi makwerero a masitepe atatu. Pansi pali paracetamol, amene ambiri amuchula kuti Panado, pamodzi ndi ibuprofen kapena kuti Brufen, diclofenac ndi aspirin. Pakati pali codeine ndi tramadol. Pamwamba pali morphine.

Za sitepe yapansi pali zocenjeza ziwiri. Munthu wamkulu asapitirire mapilisi 8 a paracetamol a 500 mg pa tsiku, ndipo woonda kwambiri kapena wodwala ciwindi apatsidwe ocepera apo. Mankhwala ambiri a cimfine ndi mutu ogulitsidwa m'tumashopu ali ndi paracetamol m'kati, kotero wodwala angapitirire muyeso osadziwa. Brufen ndi diclofenac amathandiza kwambiri kansa ikalowa m'mafupa, koma amabweretsa zilonda m'mimba naononga impso, makamaka mwa nkhalamba ndi mwa amene sakudya kapena kumwa bwino. Mai wa kansa ya cibaliro amene mkodzo wayamba kucepa, kapena amene ataya magazi ambiri, asamwe mankhwalawa popanda kufunsa kucipatala.

Sitepe yapakati ndi yaifupi. Codeine ndi tramadol ali ndi malire amene munthu akapitirira ululu suceperako, zimangoculuka ndi zovuta monga cizungulire, kusanza, ndipo tramadol woculuka angagwetse munthu ngati wa khunyu. Masiku ano anchito a zaumoyo ambiri saona cifukwa cocedwera pamenepa. Malangizo atsopano a WHO a m'caka ca 2018 salamula kuti wodwala akwere masitepe onse mmodzimmodzi: amene afika akulira ndi ululu waukulu angayambire pa morphine tsiku lomwelo.

Morphine wamadzi

Morphine amacokera ku maluwa ochedwa opium poppy, ndipo anamupatula koyamba ndi Friedrich Sertürner wa ku Germany ca m'ma 1804. Amene anaonetsa kuti angamwedwe pakamwa tsiku ndi tsiku, wodwala nakhala wogalamuka ndi kuceza ndi abale ake, ndi Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London m'caka ca 1967. Mu Africa muno nzeruyi inakula ndi Dr Anne Merriman, amene anayamba Hospice Africa Uganda m'caka ca 1993. Iye anatenga ufa wa morphine, nausungunula m'madzi oyera pa muyeso wodziwika, nathira m'mabotolo wamba. Mankhwala amene anthu anali kuwaona ngati a m'mawodi a zipatala zazikulu okha anafika m'midzi pa mtengo wocepa. M'caka ca 2004 boma la Uganda linalola anamwino ndi ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala morphine, pakuti madotolo anali ocepa.

Cinsinsi ca morphine wamadzi cili pa koloko. Mphamvu yake m'thupi imakhala maola anai, tsono ayenera kumwedwa maola anai alionse, ululu ulipo kapena palibe. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwa, ndipo amalakwa ndi mtima wabwino. Amasunga botolo, nayembekeza kuti wodwala ayambe kubuula, ndiye nkumupatsa. Koma mankhwala akumwa amatenga pafupifupi theka la ola kuti ayambe kugwira, ndipo ululu umene wakula kale umafuna mankhwala ambiri kuposa umene unali usanadzuke. Mlimi adziwa kuti udzu upaliridwa ukali waung'ono. Wodwala wopatsidwa mwa apo ndi apo amakhala ndi mantha tsiku lonse, kuyembekeza kuti ululu ubwera liti, ndipo manthawo amaonjeza ululu.

Kamwedwe kozolowereka ndi aka: 06:00, 10:00, 14:00, 18:00, ndipo pa 22:00 muyeso uwirikizidwa kawiri kuti wodwala ndi womusamalira asadzuke pa 02:00. Munthu wamkulu kawirikawiri amayambira pa 2.5 mg kapena 5 mg, monga aonera dotolo kapena clinical officer. Ululu ukabuka pakati pa nthawi, monga posambitsa, potsuka cilonda kapena pokwera ngolo, muyeso umodzi woonjezera umaloledwa, ndipo wa pa koloko umwedwabe pa nthawi yake. Ndi bwino kukhala ndi kabuku ka sukulu kolembamo ola ndi muyeso uliwonse. Kabukuko kakaonetsa kuti wodwala afuna woonjezera katatu kapena kupitirira pa tsiku, a cipatala amakweza muyeso wa nthawi zonse. Morphine alibe malire amodzi a anthu onse monga paracetamol. Wina 5 mg imukwanira miyezi, wina afuna 30 mg kapena kuposa, ndipo muyeso woyenera ndi umene uletsa ululu munthu ali maso.

Kupima kucitike ndi sirinji yopanda nsingano kapena kakapu kocokera kucipatala, osati sipuni ya tiyi, pakuti masipuni a m'nyumba sali ofanana. Mabotolo naonso sali ndi mphamvu imodzi. Lina lili ndi 5 mg pa 5 ml iliyonse, lina lingakhale lamphamvu kakhumi. Potenga botolo latsopano, wosamalira aonetse lakale ndipo afunse kuti mamililita ndi angati, ngakhale aganiza kuti adziwa kale.

Pali masamu ena amene anthu a kutali ayenera kuwerengera. Womwa 5 ml kanai masana ndi 10 ml usiku atha 30 ml pa tsiku. Botolo la 500 ml limukwanira masiku 16, ndipo ocepera apo ngati pali zoonjezera. Morphine ndi mankhwala a pansi pa lamulo, osungidwa m'kabati ya loko ndi buku lake lolembamo, ndipo sapezeka pa kiliniki iliyonse ya kumudzi. Banja la ku Vubwi kapena la kumalire a Mozambique, kumene mitsinje imadzaza mu January ndi February, lisadikire kuti botolo lione pansi. Litume munthu kukali masiku anai kapena asanu, atanyamula khadi la cipatala ndi kabuku kaja. Kusiya morphine mwadzidzidzi pambuyo pomwa masabata kumabweretsa thukuta, kutsegula m'mimba, kunjenjemera ndi ululu woposa poyamba.

Mantha a anthu

Mantha akulu ndi akuti morphine ndi mankhwala omalizira munthu. Magwero ake ndi omveka. Kale anali kusungidwira maola otsiriza eni eni, munthu nalasidwa madzulo, m'mawa maliro, ndipo abale anaona ngati nyeleti ndiyo yamupha. Anamupha ndi matenda, mankhwala anangobwera mocedwa. Akayambidwa pa muyeso waung'ono ndi kukwezedwa pang'onopang'ono, morphine safupikitsa moyo. Ambiri ululu ukatha amayamba kudya nsima, kugona tulo, kukhala pakhonde, ena kupita ndi kuchalichi.

Mantha aciwiri ndi akuti wodwala adzakhala kapolo wa mankhwala monga a camba kapena a kacasu. Thupi limazolowera, inde, ndiye cifukwa cake sasiyidwa mwadzidzidzi. Koma njala ya mankhwala imene imapangitsa munthu kuba ndi kunama siioneka kawirikawiri mwa womwa kaamba ka ululu wa kansa pansi pa malangizo a cipatala. Ululu ukacepa ndi cithandizo cina, muyeso umatsitsidwa ndipo ena amalekeratu. Tiyenera kunena zoona kuti mantha awa sali kumudzi kokha. Ngakhale ena mwa ovala zoyera anaphunzitsidwa kuopa morphine koposa kumugwiritsa nchito, ndipo dziko lonse lapansi lili ndi mlandu pa nkhaniyi. Lipoti la Lancet Commission la m'caka ca 2017 linapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira zosakwana 1 peresenti ya mankhwala a mtundu wa morphine.

Zovuta zeni zeni za morphine ndi zina, ndipo yaikulu ndi kudzimbidwa. Mseru ndi tulo zimabwera masiku oyamba atatu kapena asanu nkutha zokha, ndipo metoclopramide amathandiza mseru. Koma kudzimbidwa sikutha, kumakhalapo masiku onse amene munthu akumwa. Wolemba morphine ayenera kulembanso mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl kapena senna tsiku lomwelo. Kunyumba madzi ambiri, papaya wakupsa, mango ndi ndiwo zamasamba monga cibwabwa ndi delele zimathandizira. Wodwala akatha masiku atatu osapita kucimbudzi, abale asacite manyazi kunena. Ambiri aleka morphine kaamba ka vuto ili limene likanapewedwa.

Cizindikiro coopsa ndi ici: wodwala amene sadzuka ngakhale agwedezedwe, akupuma pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mwana wa diso wacepa ngati kadontho. Muyeso wotsatira usaperekedwe, ndipo a zaumoyo adziwitsidwe msanga. Kucipatala kuli mankhwala obweza mphamvu ya morphine ochedwa naloxone. Izi zimacitika makamaka impso zikafooka, botolo likasokonezedwa ndi lamphamvu, kapena wodwala akamwa mowa kapena mapilisi a tulo pamodzi ndi morphine.

Pakamwa pakakana

Anthu a kuno amakhulupirira nyeleti. Wodwala wopatsidwa madzi m'botolo amaona ngati wanyozedwa, ndipo abale amapempha kuti alasidwe. Koma pa ululu wa miyezi, pakamwa ndipo pabwino koposa. Mankhwala ndi omwewo, mwazi ndi womwewo umene aloweramo, ndipo mwana wa giredi 7 angathe kupima ndi kupereka. Kulasa patako munthu amene watsala mafupa okha, kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndi kumuonjezera ululu. Pethidine, amene ambiri amudziwa kucokera ku wodi ya amai oyembekezera ndi ya opaleshoni, sayenera pa kansa: mphamvu yake imatha m'maola awiri kapena atatu, ndipo zotsalira zake zikaunjikana m'thupi zimabweretsa kunjenjemera ndi kukomoka.

Palinso mapilisi a morphine otulutsa mphamvu pang'onopang'ono, omwedwa maola 12 alionse, m'mawa ndi madzulo. Ndi abwino kwa amene muyeso wake wakhazikika kale. Awa amezedwe athunthu. Kuwatafuna kapena kuwasinja m'phala kumatulutsa mankhwala a maola 12 nthawi imodzi, ndipo ndi ngozi.

Koma imafika nthawi pamene kumeza kumakanika, monga pa kansa ya kummero, pa kusanza kosalekeza, kapena m'masiku otsiriza. Abale ambiri pamenepa amaleka mankhwala, poganiza kuti munthu amene salankhula samvanso ululu. Nkhope yokwinyika, kubuula potembenuzidwa ndi kufumbata manja zimanena zina. Njira zilipo. Madontho ocepa a morphine wamphamvu angaikidwe m'kati mwa tsaya pang'onopang'ono. Mankhwala ena, paracetamol, diclofenac ndi morphine yemwe, angalowetsedwe kumbuyo kodzera cimbudzi, njira imene ena amaicitira manyazi koma imagwira bwino. Ngati namwino ali pafupi, kansingano kakang'ono ka mapiko ngati gulugufe kamaikidwa pansi pa khungu pacifuwa kapena padzanja, nakhala pamenepo masiku angapo, mankhwala nalowera pomwepo popanda kulasa kwatsopano. Muyeso wa njira iyi ndi pafupifupi theka la wa pakamwa, ndipo amawerengera ndi a cipatala, osati abale. M'zipatala zina muli kamakina ka mabatire kochedwa syringe driver kamene kamakankha sirinji pang'onopang'ono usana ndi usiku. Odwala ocepa amene ululu wao wakana zonsezi, madotolo a m'zipatala zazikulu angathire mankhwala pafupi ndi msana kapena kuzizitsa mtsempha umene unyamula ululuwo.

Ena amene ali ndi abale ku Lusaka kapena ku Johannesburg amamva za zomata pakhungu za fentanyl, zokhala ngati pulasitala, zosinthidwa maola 72 alionse. Ndi zothandiza kwa wosameza, koma ndi zodula ndipo zili ndi misampha. Zimatenga maola 12 kapena kupitirira kuti ziyambe kugwira, motero siziyenera ululu wobuka mwadzidzidzi kapena munthu amene sanamwepo mankhwala a mtunduwu. Kutentha kumafulumizitsa mankhwala kulowa m'thupi: malungo, kuothera mbaula pafupi, kugona padzuwa la October, zonsezi zingapereke muyeso woposa. Thukuta limazimatula, ndipo pa munthu woonda kwambiri sizigwira modalirika. Comata cakale cimakhalabe ndi mankhwala okwanira kupha mwana. Cipindidwe ndi kuponyedwa m'cimbudzi cokumba.

Ululu umene morphine sautha yekha

Si ululu wonse umene umamvera morphine mofanana, ndipo apa mau a wodwala ndi amene amatsogolera. Wonena kuti mwendo ukuyaka ngati moto, ukulasa ngati singano, kapena ukucita dzanzi koma nkumapweteka, ali ndi ululu wa mitsempha, umene umabwera cotupa cikapanikiza mtsempha. Amai a kansa ya cibaliro amaumva kutsika kucokera m'ciuno mpaka kuphazi. Pamenepa amaonjezera amitriptyline wocepa usiku, kapena gabapentin. Amitriptyline amatenga masiku angapo kuti aoneke nchito yake, tsono asatayidwe tsiku laciwiri. Carbamazepine nayenso amagwiritsidwa nchito, koma amafooketsa ma ARV ena monga dolutegravir. Mankhwala a TB a rifampicin naonso amacepetsa mphamvu ya morphine wakumwa. Wodwala aonetse makhadi ake onse, a ART, a TB ndi a shuga, asanalemberedwe ciliconse.

Dexamethasone amaphwetsa kutupa kozungulira cotupa, ndipo amathandiza mutu woopsa wa kansa ya m'bongo ndi ciwindi cotupa, koma amakweza shuga ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Bambo wa kansa ya prostate kapena mai wa kansa ya mawere amene msana wayamba kupweteka kwambiri, miyendo nkufooka kapena mkodzo nkumangotuluka, apite kucipatala tsiku lomwelo, pakuti kucedwa masiku awiri kungamusiye wosayendanso. Fupa limodzi lopweteka kwambiri kawirikawiri limamvera kuocha ndi makina a radiotherapy, nthawi zina kamodzi kokha, ndipo ndi bwino kufunsa dotolo ngati ulendo wa ku Lusaka ungakhale waphindu. Wa Kaposi asaleke ma ARV, pakuti pamodzi ndi chemotherapy amacepetsa zotupa ndi ululu womwe.

Cina cimene cimazunza odwala, ngakhale sicilembedwa pa khadi, ndi fungo la zilonda za kansa. Limathamangitsa alendo, ndipo munthu amasiyidwa yekha m'kanyumba ka kuseri. Mapilisi a metronidazole, odziwika kuti Flagyl, akasinjidwa ndi kuwazidwa pacilonda cotsukidwa ndi madzi owiritsa a mcere pang'ono, fungo limacepa m'masiku ocepa. Munthu amene adzukulu ake ayambanso kulowa m'nyumba mwake nthawi zambiri amanena kuti ndi ululu womwe waceperako.

Vuto lina ndi ulemu. Nchembere ya Cicewa imene inabereka ana asanu ndi atatu osalira siidzanena kwa clinical officer wa msinkhu wa mwana wake kuti ikuvutika. Ikafunsidwa imayankha kuti kuliko bwino, pamene usiku wonse sinagone. Kaamba ka ici anchito a zaumoyo amagwiritsa nchito dzanja: cibakera cofumbata ndiye kuti palibe ululu, cala cimodzi ndi wocepa, zala zisanu ndi ululu woposa umene munthu anaumvapo. Wosamalira angafunse motero m'mawa ndi madzulo, nalemba nambala m'kabuku kaja pambali pa muyeso. Mzere wa manambala wotere umauza dotolo zambiri kuposa mau aulemu.

Botolo la morphine likhale pamalo obisika, patali ndi ana ndi dzuwa, m'manja mwa munthu mmodzi wodalirika. Lisabwerekedwe kwa mnansi wa dzino kapena wa msana, ngakhale apemphe cotani, pakuti muyeso umene wodwala kansa wauzolowera ungaimitse kupuma kwa munthu amene sanamwepo, ndiponso lamulo la mankhwala ozunguza bongo, limene a Drug Enforcement Commission amaliyang'anira, silola kupatsana. Poyenda ulendo khadi la cipatala liyende pamodzi ndi botolo. Ndipo wodwala akatisiya, maliro akatha, otsala m'botolo asasungidwe pa denga kuti adzathandiza wina. Abwezedwe kumene anatengedwa, kuti namwino awalembe m'buku lake.